Tsankho la pa Shelefu: Nkhani ya Dorothy Porter

Tikamakamba zoti laibulale ya pa yunivesite ikhale ya aliyense, ambiri timaganiza za khomo: ndani akuloledwa kulowa, ndani akulembedwa ntchito. Koma tsankho limabisalanso m'kanambala kamene kamamatidwa pa buku kuti lipeze malo pa shelefu.

Mu 1876, Melvil Dewey wa ku America anatulutsa njira yosanjira mabuku potsata manambala, ndipo malaibulale ambiri akuigwiritsabe ntchito. Mu 1930, Howard University, yunivesite ya anthu akuda ya mu mzinda wa Washington, inapatsa Mayi Dorothy Porter udindo woyang'anira mabuku okhudza anthu akuda. Poyambira pawo panali mabuku pafupifupi 3,000 amene Jesse Moorland anapereka mu 1914.

Mayiwa anaona kuti m'malaibulale ambiri a azungu, buku la mlembi wakuda linkangoponyedwa pa manambala awiri: 325, ya utsamunda, kapena 326, ya ukapolo. Ngakhale ndakatulo za James Weldon Johnson zinkapezeka pa 325. Wophunzira wofufuza ndakatulo pa shelefu ya ndakatulo sakanakumana naye, ndipo akanatuluka akuganiza kuti akuda salemba.

Mayi Porter anakana zimenezo. Anasanja mabukuwo potsata nkhani yake: wolemba ndakatulo pakati pa alakatuli, wa nyimbo ku nyimbo, wa zachuma ku zachuma. Anayesetsanso kupeza mabuku ochokera ku Africa, Brazil ndi Caribbean. Mu 1946 yunivesiteyo inagula mabuku a Arthur Spingarn, ndipo pomwe mayiwa ankapuma ntchito mu 1973, zinthu zosungidwa zinali zitaposa 180,000. Lero malowa amatchedwa Moorland-Spingarn Research Center.

Nkhaniyi ikutikhudza nafenso. M'ndondomeko ya Dewey, Chingerezi chili ndi gawo lakelake, 420 mpaka 429, Chijeremani 430 mpaka 439. Koma Chichewa, Chiswahili, Chizulu ndi zilankhulo zina mazanamazana za mu Africa zapanikizana pa 496 pokha. Nambala imauza wophunzira chimene chili chachikulu ndi chimene chili chongoonjezera, ngakhale palibe walankhula.

Choncho kugula mabuku a alembi osiyanasiyana sikokwanira. Ntchito yeniyeni ili kwa wolemba katalogi, amene amasankha ngati buku lidzapezeka kapena lidzangodya fumbi. Ife ofufuza tiphunzire kumufunsa chifukwa chake buku lili pomwe lili.