DANIEL KACHAMBA: GITALA YA NSAMBO ZISANU IMENE TIKUIIWALA

Sabata ino tipumuleko kaye pa ndakatulo ndi nthano, tikambirane mbiri ya woimba mmodzi wa kwathu konkuno. Koma ndiyambe ndi chimene chandichititsa kulemba.

Mwezi wathawu ndinali ku Chikombe, padoko pamene asodzi amakwerera maboti opita ku chilumba cha Mbenji kuno ku Salima. Inu amene munafikako nyengo ya utaka mukudziwa mmene pamakhalira: mathandala odzaza, amayi ogula nsomba ali pikitipikiti ndi mabeseni, masipika akulira mbali zonse. Pakhonde la kagolosale kena panali mnyamata ndi laputopu yake, mwa aja oika nyimbo m'mafoni. Kunabwera mkulu wina waimvi, msodzi, n'kumupatsira foni.

"Mwanawe, undiikiremo za Kachamba."

Mnyamata uja anafufuza, anafufuzanso, kenako anadzutsa mutu. "Madala, Kachamba wake uti? Amaimba zauzimu kapena amapiano?"

Mkulu uja sanayankhe. Anangolandira foni yake, kupukusa mutu, ulendo ku boti.

Musafulumire kumuseka mnyamatayo. Inuyo wina atakufunsani lero kuti Daniel Kachamba anabadwira kuti, ankaimba chamba chanji, nanga nyimbo zake zikusungidwa kuti, mungayankhe zingati? Ineyo tsiku limenelo ndikanayankha funso limodzi basi. N'chifukwa chake ndati tiikumbe limodzi mbiriyi.

Kuti timumvetse Kachamba tiyambire patali pang'ono. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, m'matauni ambiri a mu Africa munabuka nyimbo zatsopano. Anthu anatenga zida za azungu, magitala, malipenga ndi zitoliro, n'kuziimbitsa mwa kwawo. Ku Congo kunabadwa rumba. Ku Ghana kunakula highlife, chamba chimene dzina lake linachokera kwa anthu wamba amene ankasuzumira panja pa maholo, kuonerera anzawo a masuti akuvina, n'kumati umenewo ndiye moyo wapamwamba. Mfumu ya highlife inali E.T. Mensah, wobadwira ku Accra mu 1919, mtsogoleri wa bandi ya Tempos. Louis Armstrong atafika ku Accra mu 1956, awiriwa anaimbira limodzi. Mensah anamwalira mu 1996, koma mpaka lero mwana wa ku Ghana wokonda zoimba dzinali amalidziwa.

Kuno kummwera kunalibe highlife. Chathu chinali kwela, ndipo sichinabadwire m'maholo ayi. Chinabadwira m'misewu ya m'makomboni a ku Johannesburg, m'manja mwa anyamata osauka oimba kachitoliro kachitsulo kotsika mtengo. Liwu loti kwela ndi lomwe lija lathu loti kwera, ndipo magalimoto apolisi onyamula anthu omangidwa ankatchedwa kwela-kwela. Akatswiri ake anali anthu monga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso. Mu 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark inafika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Paja nthawi imeneyo azigogo athu ambiri anali ku Joni pa Wenela, ena ku Salisbury, ena ku Bulawayo. Pobwerera kumudzi sankangonyamula njinga, zibakuwa ndi masutikesi okha. Ankanyamulanso galamafoni, mbale zake, ndi nyimbo zimene zinawakhala m'mutu.

Daniel James Kachamba anabadwa mu 1947 ku Limbe, koma kwawo kunali m'mudzi wa Singano, pafupi ndi Chileka m'boma la Blantyre. Bambo ake, a James Kachamba, nawonso gitala ankaidziwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, banjali linakakhala ku Salisbury, mzinda umene lero timati Harare. Kumeneko ndi kumene Daniel ndi mng'ono wake Donald anakumana ndi kwela ili pachimake. Sanapite kusukulu ya zoimba. Sukulu yawo inali khutu: kumvetsera mbale, kuonera anzawo m'misewu, kubwerera kunyumba kukayeserera. Pamene banjali limabwerera ku Nyasaland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anyamatawa anabwera nalo luso lija.

Apa ndiye pali mfundo imene ambiri sitiidziwa. Ku South Africa komweko kwela sinakhalitse. Pofika m'zaka za m'ma 1960 makampani ojambula nyimbo anali ataitaya, atatembenukira ku saksofoni ndi magitala amagetsi. Kwao kwa kwela moto unazilala, koma ku Chileka unapitirira kuyaka. Abale awiriwa anakhazikitsa Kachamba Brothers Band, n'kumaimba m'misewu ya Blantyre, m'misika ndi m'malo omwera, kulandira timakobidi ta anthu odutsa.

Tangoganizani zida zake. Daniel ankagwira gitala ya nsambo zisanu, imodzi atachita kuichotsa dala. Chala chachikulu chinkayenda pa nsambo za mawu aakulu, chamkombaphala chikutola nyimbo pa nsambo zing'onozing'ono, moti womvera pa wailesi ankayesa kuti akuimba ndi anthu awiri. Akasintha chamba ankasinthanso makungidwe a nsambozo. Donald, adakali kamnyamata, ankaliza chitoliro. Sankachigwira ngati mmene amagwirira ana asukulu ayi: ankachilowetsa m'kamwa chopendeketsa, cha kutsaya, kuti mawu atuluke onenepa ndi otha kupindika ngati a saksofoni. Kumbuyo kunali babatoni, besi ya nsambo imodzi yopangira pakhomo pompo, ndi maseche. Zida zonsezo mutaziika pamodzi mtengo wake sukanafika pa lipenga limodzi la bandi ya Tempos.

Ndipo sankangokopera za ku Joni. Anasakaniza kwela ndi simanjemanje, ndi sinjonjo, ndi twisti ya ku Kenya, ndi rumba ya ku Congo imene Daniel ankaitchula kuti lumba. Pamwamba pake anaikapo Chichewa ndi nkhani za pamudzi: miseche, mabodza, mavuto a m'banja, umphawi, imfa. Ntchito imene Mensah anagwira ku Accra ndi malipenga, Kachamba anaigwira ku Chileka ndi gitala yoperewera nsambo. Onse awiri anatenga chachilendo n'kuchiphunzitsa kulankhula chinenero cha kwawo.

Mu 1967, patangotha zaka zitatu dziko lino litalandira ufulu, ku Blantyre kunafika katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Austria, Gerhard Kubik, ali ndi mnzake Maurice Djenda wa ku Central African Republic. Anawapeza anyamatawa akuimba mumsewu, anthu atawazungulira. Ambiri mwa odutsa ankangoona ana osowa chochita. Kubik anaona china. Anawatsatira mpaka kwa Singano, anajambula nyimbo zawo pa tepi, anawajambulanso pa kanema. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa zinapherezera. Buku lake lonena za bandiyi, The Kachamba Brothers' Band, linatuluka m'Chingerezi mu 1974 kudzera ku yunivesite ya Zambia. Taonani bwino pamenepo: buku la oimba a ku Chileka, wolemba wa ku Vienna, osindikiza a ku Lusaka.

Mu 1972 abale awiriwa anayamba kutuluka kunja. Anakaimba ku Nairobi, kenako ku Ulaya. Anyamata amene ankatolera makobidi mumsewu tsopano ankaimba pamaso pa aphunzitsi a m'mayunivesite, anthu atakhala chete, ena akulemba m'makope mmene zala za Daniel zikuyendera. Kuno kumudzi wailesi ya MBC inafalitsa nyimbo zake dziko lonse, ndipo anthu anamuzolowera ndi dzina loti Dr. Daniel Kachamba. Ndi wailesi yomweyo imene inafikitsa gitala ya ku Chileka kunyanja kuno, kwa asodzi osoka maukonde pamchenga, kuphatikizapo mkulu uja ndinakumana naye ku Chikombe, nthawi imeneyo ali mnyamata.

Koma kutchuka ndi kulemera ndi zinthu ziwiri, abale anga. M'masiku a Kachamba dziko lino linali ndi wailesi imodzi yokha, wailesi yakanema kunalibe, ndipo makampani ojambula ndi kugulitsa nyimbo anali osowa. Kampani ya mbale ya Nzeru inayesako koma sinapite patali. Woimba ankapita ku MBC, kujambulitsa, nyimbo n'kumaulutsidwa chaka ndi chaka, iye m'thumba muli mbee. Lamulo latsopano loteteza ntchito za aluso linadzabwera mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA, lotolera ndalama za oimba ndi alembi, linayamba mu 1992. Daniel sanazione zimenezi. Anamwalira mu Julayi 1987, ali ndi zaka pafupifupi 40 zokha. Zaka 40! Ena a inu m'gulu muno munadutsa kale pamenepo ndipo mukuti moyo wangoyamba.

Donald ndiye anapitiriza. Anayenda maiko ambiri ndi bandi yake ya kwela, mmene Kubik mwiniwake ankaimbamo, pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi, mwana wa kwa Singano komweko amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wofufuza za chikhalidwe. Chakumapeto kwa 1999 Donald anaitanidwa ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles kukaphunzitsa ophunzira a ku America kaimbidwe ka kwela. Anamwalira mu Januwale 2001. Atapita iye, a Malamusi ndi achinyamata amene anawaphunzitsa anasunga bandiyo ndi dzina la Donald, komanso anasonkhanitsa matepi ndi zida zakale pamalo awo ofufuzira ku Chileka.

Tsono funsani kuti chimene tikudziwa cha Daniel chinapulumuka bwanji. Gawo lalikulu linapulumuka chifukwa mlendo uja anaima mumsewu mu 1967 n'kutsegula makina ake. Matepi ambiri a Kubik ali ku Vienna. Kaseti yokumbukira Daniel inatulukira ku Vienna komweko mu 1992. Kanema wotchedwa African Guitar, mmene mungaone ndi maso anu zala za Daniel zikuvina pa nsambo, anatulutsidwa ndi kampani ya ku America. Ngakhale ntchito yosamutsira matepi akale a MBC pa kompyuta inadalira thandizo lochokera ku Norway. Sindikunena izi monyoza alendowo, iyayi. Akanapanda iwo bwenzi tikungomva mphekesera. Ndikunena kuti ifeyo eniake tinavina, tinaseka, tinaombera m'manja, koma kusunga tinasiyira ena.

Mwina muti: ndi umphawi, munthu wanjala angasunge tepi? Apa ndi pamene ndikufuna tibwerere ku Mbenji kuja tinayambira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, zaka zomwe zija kwela imaphuka, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka chilumbachi nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mvula itatha, kuti nsomba ziswane. Nyengo ikatsegulidwa pali malamulo: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, maukonde oononga ayi. Wophwanya amathamangitsidwa. Sanadikire bungwe lakunja kuti liwauze. Anali anthu osauka ngati ife tomwe, koma anagwirizana kuti chinthu ichi n'chathu, chisathe. Lero madera ambiri a nyanja akulira kusowa kwa nsomba, pamene akatswiri amachita kubwera ku Mbenji kudzaphunzira. Ndiye kuti kusunga chathu timakutha, tikafuna.

Nyimbo nazonso zimafuna mfumu Makanjira wake. Sizifuna ndalama zambiri poyambira. Foni imene mukuwerengera nkhaniyi ili ndi mphamvu yojambula kuposa makina amene Kubik ananyamula mu 1967. Kumudzi kwanu kuli agogo amene ankaimba bangwe, banjo kapena gitala ya chigubu. Kodi munawajambulapo? M'nyumba mwa amalume anu muli katoni ya makaseti imene ikudyedwa ndi chiswe. Kodi munaitsegulapo? Ife amene timadzitcha alembi, tinalembapo chiyani za Allan Namoko, za Robert Fumulani, za Michael Yekha, za Morson Phuka? Kapena tikudikira mlendo wina abwere ndi kalumo kake?

Mnyamata wa laputopu uja sanalakwe. Munthu sungasunge chimene sanakupatse. Ndisanachoke ku Chikombe ndinabwerera pakhonde paja, tinafufuza limodzi pa intaneti, tinapezako nyimbo zingapo za Daniel. Anamvetsera ndi khutu limodzi poyamba, kenako anavala mahedifoni onse awiri.

"Bigi, magitalawa ndi angati?"

"Imodzi."

"Aaa, bodza!"

Anaziika mu laputopu yake, ndipo analonjeza kuti mkulu uja akadzatsika ku chilumba adzamuikira ulere. Kaya anakumananso, kaya ayi, koma tsopano padoko la Chikombe pali kompyuta imodzi imene ikumudziwa Kachamba.

Nanga inu, nyimbo ya Kachamba munayamba kuimvera kuti, ndipo munali ndi ndani? Ngati kwanu kuli woimba wakale amene mbiri yake sinalembedwepo, tiuzeni dzina lake ndi dera. Mwina nkhani ya sabata yamawa ichokera kwa inu.