Miyala ya ku Syracuse ndi zimene imatikumbutsa

Abale ndi alongo, lero tiyeni tipite ku Syracuse, mzinda wa pachilumba cha Sicily ku Italy. Kumeneko kuli bwalo la zisudzo limene Agiriki analisema m'thanthwe zaka zoposa 400 Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe. Pafupi pake, pakachilumba ka Ortygia, pali linga lotchedwa Castello Maniace, limene Mfumu Frederick II inamanga pakati pa 1232 ndi 1240. Pakati pa nthawi ya bwalolo ndi ya lingalo pali mbiri ya Asilamu imene ambiri a ife sitinaimvepo.

M'chaka cha 827, gulu lankhondo la Asilamu lochokera ku Tunisia linafika ku Mazara motsogozedwa ndi Asad ibn al-Furat, kadhi wa ku Kairouan. Iye anamwalira mu 828 akuzinga Syracuse, mzindawo usanagonje. Palermo inagonja mu 831, koma Syracuse inalimba mpaka pa 21 May 878, m'mwezi wa Ramadan wa chaka cha 264 Hijri, itazingidwa miyezi 9. Tchalitchi chake chachikulu, chomwe kale chinali kachisi wa Agiriki, chinasandutsidwa mzikiti.

Nanga ulamulirowo unatha bwanji? Ma emir anagawana chilumbacho n'kuyamba kumenyana okhaokha. Ibn al-Thumna, wolamulira Syracuse, atagonja kwa Ibn al-Hawwas, anakaitana ankhondo a Chinorman kuti amuthandize. Iwo anawoloka nyanja mu 1061, ndipo sanabwererenso. Palermo inagwa mu 1072, Noto mu 1091. Mzikiti uja unakhalanso tchalitchi.

Asilamu anatsala ngati anthu olamulidwa, ndipo mu 1154 al-Idrisi anamaliza kujambulira Mfumu Roger II mapu ake otchuka. Koma Frederick II, mwini linga lija, anasamutsira Asilamu ku Lucera, ndipo mu 1300 mudzi wawo kumeneko unathetsedwa. Nalo bwalo la Agiriki silinapulumuke lonse: m'zaka za m'ma 1500 Asipanishi anagumula miyala yake kukamangira malinga a Ortygia.

Tikamawerengera ana athu mbiriyi m'masiku ano a swaumu, tisabise gawo lowawa. Adani anafunika zaka 30 kuti alande Sicily yense, koma amene anawaitana anali Msilamu wokwiyira Msilamu mnzake. Allah atiteteze ku magawano otere, m'mabanja ndi m'mizikiti mwathu.