Nyali ya injini ikayaka pa njinga yamoto: poyambira pofufuza vuto

Najma ndi dera la anthu ambiri mumzinda wa Doha ku Qatar, lotchuka ndi msika wa Souq Al Haraj. M'misewu yake mumayenda njinga zamoto zambiri zoperekera chakudya m'makomo kudzera m'makampani monga Talabat ndi Snoonu. Kwa oyendetsa njingazi, injini ikavuta, ndalama za tsikulo zapita.

Mosiyana ndi njinga za kabureta zimene akabaza ambiri ku Malawi anazolowera, njinga zambiri zatsopano zimalandira petulo kudzera mu injekita. Kakompyuta kotchedwa ECU kamawerenga masensa a mpweya, kutentha ndi utsi, kenako n'kulamula kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini. Chimodzi chikalakwika, nyali yochenjeza imayaka. Izi sizitanthauza kuti injekita yafa.

Kufufuza kumayambira pa zinthu zotsika mtengo. Batire yabwino imasonyeza mavoti pafupifupi 12.6 injini isanalizidwe, ndipo ikafooka, pampu ndi ECU sizigwira bwino ntchito. Kiyi akatembenuzidwa, pampu ya mafuta imalira kwa masekondi ochepa. Ikakhala chete, ndi bwino kuona fyuzi ndi mawaya musanaiweruze pampuyo.

Nyengo ya ku Doha imawonjezera mavuto ake. M'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 40, zomwe zimafooketsa batire msanga, pamene fumbi limatseka sefa ya mpweya n'kuchititsa injini kutsamwa. Kuyenda ndi thanki yotsala pang'ono kuuma kumatenthetsanso pampu, chifukwa pa njinga zambiri imakhala m'thankimo ndipo petulo ndi amene amaiziziritsa.

Nyaliyo imathanso kuloza pamene pali vuto. Pa njinga za Honda za PGM-FI, kuthwanima kwakutali kumaimira 10 ndipo kwakufupi kumaimira 1. Nambala 7 imaloza sensa ya kutentha kwa injini, 8 sensa ya moto wa pachigwiriro, 12 injekita, ndipo 21 sensa ya mu ekizozi. Makampani ena ali ndi manambala awoawo, choncho buku la njingayo ndi lofunika.

Nambala imaloza njira yonse ya magetsi, osati chipangizo chokha: waya wodyeka kapena polumikizira pa dzimbiri zimabweretsa nambala yomweyo. Makaniko asanasinthe chipangizo, ayenera kuyeza kaye mawayawo.