Usiku umodzi pa Chawe

Mwezi wa Julayi ukubwerawu, bambo ndi mayi anga akwanitsa zaka 30 ali pabanja. Ukwati wawo anamangitsa ku Domasi m'nyengo yachisanu, ndipo mayi amakonda kunena kuti tsikulo ananjenjemera mpaka anthu kumayesa ndi mantha a banja. Amene anayambitsa nkhani ndi mlongo wanga wa ku Johannesburg: ana tonse anayi tisonkhe, akuluakuluwa akapume kwinakwake. Achimwene anati ku Mangochi. Ine ndinati ayi, Julayi kunyanja kumakhala mwera, bola tiwakweze pa phiri la Zomba akagone usiku umodzi ngati mabwana. Popeza ndine ndili pakhomo pano pa Songani, ntchito yonse yokonza ulendo inagwera ine.

Ndinawauza mayi madzulo ena akutong'ola chimanga pakhonde. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Kuphiri? Kukatani? Nkhuni zatha?"

Sankaseka ayi. Kwa ife a pa Songani phiri lili kuseri kwa nyumba. Dzuwa limalowera kumeneko, ndipo mtsinje wa Domasi umatulukira pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa usanabwere kudzathirira madimba athu. Timakwerako ndithu, koma timakwerera nkhuni, udzu, bowa, matabwa. Mayi anayamba kusenza mitolo ali ndi zaka khumi, ndipo khosi limawakumbutsabe kukazizira. Bambo ndi kalipentala: zitseko ndi mabokosi a maliro amene apanga moyo wawo wonse ndi a paini wa m'phiri lomweli. Koma kukwera kuti ukakhale pampando, nkumayang'ana mitambo, tiyi ali m'manja? Zimenezo n'za alendo.

Funso la mayi lija linandibwezera ku manotsi anga a ku Chanco. Zinayamba bwanji kuti phiri limodzi likhale malo opumira kwa ena, ndi malo okhetsera thukuta kwa eni dera?

Azungu oyamba kukhazikika kuno sanabwere kudzapuma. John Buchanan anafika m'dziko muno mu 1876 ngati wosamalira minda ya mishoni ya Blantyre, kenako anadzatsegula minda yake ya khofi ndi nzimbe m'mbali mwa Mulunguzi, m'tsinde mwa phiri. Mbali yathu ino, Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, m'dziko la mfumu Malemia. Masiku amenewo phiri linali linga. Anthu ankathawirako kukabuka nkhondo, ndipo mfumu yanzeru inkamanga mudzi msana utatsamira thanthwe. Kawinga, amene ankalimbana ndi Malemia, anakhala pa phiri la Chikala mpaka asilikali a boma la atsamunda anamuchotsapo mu 1895.

Mu 1886 Buchanan anamangira kazembe wa Britain nyumba ya nsanja ziwiri zosongoka, imene lero ndi Hotel Masongola. Harry Johnston atafika mu 1891 anakhala m'nyumba yomweyo, Zomba nkukhala likulu. Anthu amakonda kunena kuti anakopeka ndi kukongola kwa malo. Mwina. Koma panalinso madzi osaphwa a Mulunguzi, mphepo yozizirirapo kusiyana ndi kuchigwa kwa Shire, ndiponso pamalopa ankatha kuyang'anira njira zimene amalonda a akapolo ankadutsa polowera kum'mawa. Chaka chomwecho Alexander Whyte anayamba munda woyeserera mbewu ndi mitengo, umene lero tikuti Botanic Garden, kumene ana a yunivesite amakajambulitsa zithunzi za chibwenzi.

Likulu litakhazikika, pamwamba pa phiri panasanduka khonde la boma. Mzungu wa nthawi imeneyo ankaopa zinthu ziwiri, malungo ndi kutentha, ndipo mankhwala amene ankawakhulupirira, kupatula kwinini, anali kukwera pamwamba. Ku India anali ndi Simla, kumene boma lonse linkasamukira m'nyengo yotentha. A ku Nyasaland anali ndi mwayi: Simla wawo anali pamwamba pa ofesi pomwepo. Tauni ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Anamangako tinyumba topumiramo, m'mitsinje anathiramo nsomba za trout zochokera kunja kuti aziwedza Loweruka, ndipo m'malo mwa udzu ndi mitengo yachilengedwe anadzala paini wa kwawo ku Mexico. Phiri limene timaliona pa zithunzi za kalendala lija, la mitengo yoima mizeremizere, ndi munda wochita kulima.

Nanga ankakwera bwanji msewu usanabwere? Pamapewa pa anthu. Machila inali nsalu yolimba yomangirira ku mtengo, bwana agone m'menemo, amuna azisinthana kunyamula akuthamanga. Katundu yense, mabokosi, zofunda, mabotolo, ankayenda pamitu pa amtengatenga, ndipo ambiri ankalowa ntchitoyo pofuna ndalama ya msonkho wa nyumba. Anganga, mayi awo a mayi, ankatiuza kuti bambo awo anali ndi zipsera pamapewa ngati ng'ombe ya pangolo. Ndili mwana ndinkayesa nthano. Nditaona zithunzi zakale za machila ku yunivesite ndinakhala chete kalasi yonse.

Tsono taonani mapu amene mlendo amapatsidwa lero. Pali Queen's View, pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth II amene anacheza kuno mu 1957. Pali Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, malo amene ma Rasta amawalemekeza mpaka lero. Pali Williams Falls, pali Mandala Falls. Munthu anaima mphindi zochepa, nkuti "kokongola", dzina lake lakhala zaka zoposa 60. Amene anakwera phirili moyo wawo wonse ali ndi dzina limodzi lokha pamapupo: Potato Path, kanjira kotsetsereka kochoka pa Chawe kutsikira m'tauni, kamene alimi ankatsitsira mbatatesi. Ndipo onani bwino, dzinalo ndi la katundu, osati la womusenza.

Dzina lachikuda lodziwika kwambiri pamwambapo ndi la dzenje. Chingwe's Hole lili chakumadzulo, pamphepete poyang'ana chigwa cha Shire, ndipo nkhani zake n'zoopsa zokhazokha: ena amati mafumu ankaponyamo adani awo, ena amati ankatayamo akhate. Jack Mapanje analitenga dzenjeli nkuliika m'ndakatulo za m'buku lake la 1981, Of Chameleons and Gods, ndipo owerenga a nthawi ya Kamuzu ankadziwa kuti sakunena za mafumu akale okha. Mu 1987 anamangidwa, nkukhala ku Mikuyu mpaka 1991. Mikuyu ili m'chigwa cha kum'mawa, chomwecho chimene alendo amachijambula ataima pamene anaima mfumu ya ku Ethiopia.

Ufulu utabwera, zambiri zinachoka ku Zomba. Likulu linapita ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsalira mpaka 1994 nayonso nkutsatira. Chancellor College, imene inasamukira kuno mu 1973, ndiyo inatsala ikupatsa tauni moyo. Koma dongosolo la paphiri silinasinthe kwenikweni. Pamene pankagona bwana wachizungu panayamba kugona bwana wachikuda, ndi anthu a masemina a mabungwe, ndi alendo a makamera. Hotela ya Ku Chawe ili pomwepo pamphepete, ikuyang'ana tauni. Damu la Mulunguzi limene analikuza cha m'ma 2000 limamwetsa mzinda wonse. Ndipo m'mawa uliwonse, galimoto zikamakwera, zimapatukirana ndi amayi a mitolo ndi anyamata okankha njinga zodzaza nkhuni mpaka chishalo osaoneka.

Pano ndisanamizire kuti ife ndife oyera. Amene anaona phirili m'ma 1990 akaliona lero amagwira pakamwa. Mapaini anadulidwa osabwezeretsa mokwanira, moto umalusa chaka ndi chaka, makala akutsika usiku. Ena mwa odulawo ndi anzanga amene ndinaphunzira nawo pulayimale. Ndimawadzudzula, koma ndimadziwanso kuti munthu amene anauzidwa kwa zaka 100 kuti nkhalango ndi ya boma, iye ndi wakuba chabe m'menemo, savutika mtima ikamatha. Akuluakulu amatikumbutsa za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene mvula inagumula phiri, madzi ndi miyala nkukokolola milatho ndi anthu m'tauni ya Zomba. Nthawi imeneyo mitengo inalipo. Nanga lero?

N'chifukwa chake ulendowu ndi wa Julayi, osati wa Khrisimasi. Dzinja njira za pamwamba zimaterera ndipo mayi sangagone tulo mvula ikugwa paphiri. Okutobala kumakhala utsi wa moto wa tchire, suona patali. Juni ndi Julayi kumayera, Mulanje amaoneka, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi zimakhala ngati uzigwira. Vuto ndi chiperoni basi. Chikabwera, nkhungu imaphimba zonse masiku awiri kapena atatu, kamvula kowaza osaleka, ndipo mudzakhala mutalipira ndalama zonsezo kuti mukaone mkati mwa mtambo. Zimenezo palibe angakulonjezeni. Ndawagulira kale majuzi awiri pa kaunjika, zipewa zoluka ndi masokosi, chifukwa kuzizira kwa pamwamba si kwa pa Songani.

Ndinaimba mafoni m'malo angapo ogona. Mitengo yake sindilemba pano, mungandiyese wabodza. Nditawauza bambo mtengo wa chipinda chotchipirapo, anawerenga pa zala nkunena kuti, "Mwanawe, ameneyo ndi feteleza wa munda wonse wa kudambo. Usiku umodzi?" Ndinalibe yankho labwino. Sindikanawauza za Simla. Ndinangoti, "Bambo, zitseko za anthu mwapanga ndi mitengo ya kumeneko zaka zonsezi. Kagoneniko kamodzi, wina akutsekulireni chitseko." Anaseka, koma sanavomere tsiku limenelo.

Ndipo mwina bambo akulondola. Ndakhala ndikudzifunsa ngati ulendowu ndi wa iwo kapena wanga, ngati si ine amene ndikufuna kubwezera machila a agogo pogula bedi la usiku umodzi ndi ma rand a mlongo wanga. Amene adzawayalire bedilo ndi mwana wa mnzawo wa mumvano. Amene adzathamangire galimoto yathu ndi mbale ya masitiroberi ndi mwana wa kuno konkuno. Mayi adzamuyang'ana bwanji ali mkati mwa galasi? Ndikuwadziwa, adzagula mbale zonse, kenako adzayamba kumufunsa kuti kwanu nkuti, mayi ako ndani.

Chimene chinasintha zinthu ndi mapu aja. Ndinawatsegula pafoni kuti ndiwaonetse mayi pamene pali damu, ndiye chala chawo chinaima pa dzina lina chakumpoto kwa phiri: Songani Lookout.

"Apa alemba Songani?"

Ndinati eya, ndi pamalo pamene alendo amaima nkumayang'ana chigwa chathu chino.

"Amationa?"

"Amaona midzi, msewu, minda. Kaya anthu amaoneka."

Anakhala kaye chete, chitsononkho chili m'manja. Kenako anaitana bambo amene anali kuseri akunola mpeni wa pulena. "Bambo a ana, tamvani. Akuti kuli malo amene azungu akhala akutionera zaka zonsezi ife osadziwa. Ine ndikufuna ndikaone ngati malata athu amaoneka."

Tagwirizana chonchi. Tidzanyamuka Loweruka m'mawa pa minibasi mpaka m'tauni, pamenepo tidzachite hayala galimoto yokwera nayo. Chipinda ndi chimodzi, cha iwo awiri. Ine ndidzatsika madzulo ndi Potato Path nkudzawatenga Lamlungu. Kokaona Songani n'kutali ndi kogona, ndiye ndikufunafuna woperekeza wodziwa njira ndi galimoto yolimba, poti maondo a bambo sangafike wapansi. Bambo avomera, koma ati feteleza wa chaka chino tigule kaye, risiti aione ndi maso awo. Mayi ati nsalu yofiira ija adzaiyanika padenga tisananyamuke, kuti akakafika pamwamba asakavutike kusaka nyumba.