Rentheads: ubale wobadwira pamzere wa matikiti

Rentheads ndi dzina la anthu okonda kwambiri Rent, sewero la nyimbo lolembedwa ndi Jonathan Larson, lomwe linayamba kuonetsedwa ku Nederlander Theatre mumzinda wa New York m'chaka cha 1996. Eni sewerolo ankagulitsa mipando ya mizere iwiri yakutsogolo pa madola 20 okha, kuti nawonso ochepekedwa m'thumba aonere. Achinyamata ankagona panja kudikira matikitiwo, ena mobwerezabwereza, mpaka anadziwana ngati apachibale. Usikuwo unkatha akuuzana zakukhosi: wina wapeza ntchito, wina ali ndi matenda pakhomo, wina chibwenzi chatha. Mu 1997, poopa kuti anthu angaone zovuta pogona mumsewu, eni ake anayamba kugawa mipandoyo mwa maere. Sewerolo linatsekedwa mu 2008.