Malinga a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akutha ndi khasu

Ku New Mexico, m'dziko la America, kuli tauni ya Aztec, yotchuka ndi mabwinja a nyumba zamiyala zimene makolo a anthu a mtundu wa Pueblo adamanga cha m'ma 1100. Boma la kumeneko lidayamba kuteteza malowo mu 1923. Kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi nakonso mabwinja aliko, kungoti athu ndi adothi, ndiye mvula ndi khasu zikuwamaliza.

Cha m'ma 1870, Angoni a Chiwere adakhazikika ku Dowa, ndipo Msakambewa adali mmodzi mwa mafumu awo. Nkhondo zawo zidasowetsa Achewa tulo. Midzi imene kale idali patalipatali idasonkhana pamodzi n'kumanga malinga, makoma adothi ozinga mudzi wonse. Sinali ntchito yamasewera ayi. Dothi lonselo adalikumba ndi makasu osula okha, n'kuliunjika ndi manja, kwinaku maso ali kunjira. Nyumba, nkhokwe ndi ziweto zonse zinkakhala mkati, ndipo kupita kumunda kapena kumadzi kudali kuika moyo pachiswe. Ena adathawira m'nkhalango yowirira ya paphiri la Ntchisi, imene ilipobe mpaka lero.

Kenaka kudabwera amishoni a Dutch Reformed Church. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adatsegula Mvera kwa Chiwere mu 1889, ndipo mu 1894 Robert Blake adatsegula Kongwe kwa Msakambewa. Nkhondo zitazilala, anthu adatuluka m'malinga kukamanga poyera, makoma aja n'kuyamba kugumuka. Mwamwayi, Samuel Ntara adalemba mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi imene idaona masiku amenewo, m'buku lomwe lidatuluka mu 1949.

Chimandiwawa n'chakuti mbiri ya Kongwe timaiyambira pa tchalitchi ndi sukulu, ngati kuti mzungu asanafike kunalibe womanga. Mwana akaona mtumbira wautali m'munda wa fodya amangoti ndi chulu, osadziwa kuti mwina agogo ake adapulumukira pomwepo.

Inu a Gogo Chalo ndi nyakwawa zanu, lozani pamene padali malinga, mwini munda asalimepo. Aphunzitsi a ku sukulu ya Robert Blake, tumani ophunzira akafunse okalamba n'kulemba zimene amva, ndipo a nthambi ya boma yoona zakale abwere adzayeze malowo asanasalazike.