Luangwa, Laozi ndi kapu ya tiyi ya Einstein

Ku Kakumbi, m'boma la Mambwe, mtsinje wa Luangwa sugona pamalo amodzi. Dzinja lililonse umagumula gombe lakunja kwa khota, n'kuunjika mchenga kugombe lamkati. Khota likapindika kwambiri, madzi amaboola njira yachidule, ndipo njira yakale imasanduka thamanda la mvuu ndi ng'ona. Mathamanda ambiri amene alendo amajambula pafupi ndi Mfuwe anabadwa motero. Koma kwa amene amalima m'mphepete, gombe likagumuka ndiye kuti dimba lapita.

Khalidwe la madzili linaimitsa mitu anthu kalekale. Ku China, zaka zoposa 2,000 zapitazo, buku la Daodejing, lomwe amati analemba ndi Laozi, linaphunzitsa kuti madzi ndi ofewa koma amagonjetsa zolimba, komanso kuti chinthu chikafika pothera chimatembenuka. Nzeru ya madzi sinali ya m'mabuku mokha. Cha m'ma 256 Yesu asanabadwe, Li Bing, bwanamkubwa wa dera la Shu, anagawa mtsinje wa Min pa Dujiangyan osautseka ndi damu. Kukhota kwa mtsinjewo kumathandiza kutayira mchenga kumbali, madzi n'kupita kuminda. Ngalandezo zikuthirirabe mpaka lero.

Nanga n'chifukwa chiyani khota limadya mbali imodzi? Mu 1926 Albert Einstein anayankha ndi kapu ya tiyi. Takasani tiyi wamasamba muone: masamba amasonkhana pakati, pansi pa kapu. Madzi apamwamba amazungulira mwachangu n'kuthamangira kukhoma la kapu. Apansi amachedwa chifukwa chokhudzana ndi kapu, choncho amakankhidwira pakati, atanyamula masamba. Pakhota la mtsinje zimachitikanso chimodzimodzi: madzi apamwamba amamenya gombe lakunja, apansi amakokera mchenga mkati.

Tisanamizane kuti Laozi ankadziwa fizikisi. Iye anaona kuti kusintha sikuleka, ndipo analangiza anthu kuyenda nako m'malo molimbana nako. Asayansi anawonjeza chimene chinasowa: chifukwa chake, ndi njira yoyezera.

Makolo athu anati madzi saiwala khwawa. Ku Kakumbi khwawalo nalo limasamuka. Inu amene mukuganiza zomanga nyumba kumudzi, musanaike njerwa yoyamba, yang'anani kaye kuti muli mbali iti ya khota.